Galimoto Yodziyendetsa Yokha: Ikapha Munthu Adzayankha Ndani?

Ambiri mwa inu awerengi athu mwamva kale pa wailesi, ena mwaonetsedwa ndi ana anu pa foni, kuti kumaiko akutali kuli magalimoto amene amayenda pamseu popanda munthu pa ciongolero. Nkhaniyi si nthano ai. M'mizinda ya Phoenix, San Francisco ndi Los Angeles ku America, ndiponso mumzinda wa Wuhan ku China, munthu amaitana takisi pa foni, takisiyo nibwera yokha, iye nakhala pampando wakumbuyo kutsogolo kulibe dalaivala. Ciongolero cimazungulira cokha, ndipo galimoto imaima yokha pa maloboti. Amene amapanga magalimotowa akulonjeza dziko lonse lapansi kuti tsiku lidzafika pamene ngozi za pamseu zidzatha, popeza makina saledzera, saodzera, ndiponso sathamangitsana ndi anzao polimbirana okwera.

Lonjezo limeneli ndi lokoma kulimva, makamaka kwa ife amene taika m'manda abale athu ambiri ofera pamseu. Koma akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tisanaombe m'manja, n'kofunika kuti tiung'ambe mkuyuwo tione za m'kati mwake. Maganizo athu ndi awa: makina amene munthu sangathe kuona zimene akuganiza, ndiponso amene sangaimirire pabwalo kuyankha mlandu, asapatsidwe moyo wa anthu cifukwa ca mau okoma a wogulitsa. Ayambe aonetsa nchito yao poyera, ndipo lamulo liyambe lachula amene adzalipira makinawo akalakwa.

Wina angafunse kuti, nanga mlimi wa ku Katete amene alibe ngakhale njinga yamoto, zimenezi zimkhudza bwanji? Zimkhudza pawiri. Coyamba, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2023 kuti anthu oposa theka la onse ofa pamseu ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi okwera njinga zamoto. Ngozi ya galimoto imagwera kwambiri munthu amene sanaigule. Caciwiri, magalimoto ambiri amene tili nao m'Zambia muno ndi ogwirapo kale nchito ku Japan, obwera kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa cipata ca Nakonde. Kuyambira mu November 2021, dziko la Japan linalamula kuti mitundu yatsopano ya magalimoto ang'onoang'ono opangidwa kumeneko izikhala ndi mabuleki ogwira okha akaona copinga. Galimoto yatsopano ya ku Tokyo lero ndiyo yogula kale ya ku Chipata mawa. Magalimoto amenewa sadziyendetsa okha ulendo wonse, koma muli kale makina oganizira dalaivala, ndipo akulowa m'miseu yathu pang'onopang'ono popanda wotifunsa.

Kodi galimoto yodziyendetsa imaona bwanji njira? Pathupi pake pamakhala makamera, ndi zipangizo zina zoponya mafunde kapena kuwala kutsogolo ndi m'mbali. Zipangizozi zimayesa nthawi imene kuwalako kwatenga kuti kubwerere, motero zimadziwa kutalikira kwa cinthu ciliconse. Zonse zimene zaoneka zimapita ku kompyuta. M'kompyutamo muli pulogramu, ndiko kunena malangizo olembedwa ndi anthu, mizere mamiliyoni ambiri, ouza galimoto zocita: uyu ndi munthu, ima, uwu ndi mthunzi cabe, pitirira. Mbali ina ya pulogramuyo silembedwa ndi dzanja konse. Kompyuta imaonetsedwa zithunzi zosawerengeka za anthu, njinga ndi zikwangwani kufikira itazolowera kuzisiyanitsa yokha. Apa ndiye pagona vuto, cifukwa ngakhale akatswiri amene anaiphunzitsa nthawi zina amalephera kufotokoza cimene yasankhira ici n'kusiya ico.

Tonse tidziwa kuti ng'ombe zozolowera goli zimadziwa njira ya kumudzi, ndipo mnyamata angathe kugona m'ngolo pocokera kucigayo, ng'ombe n'kumfikitsa pakhomo. Koma ng'ombe imaonetsa za mumtima mwake: ikacita mantha imaimika makutu, ikatopa imacita thovu kukamwa. Dalaivala woledzera amanunkha mowa, ndipo okwera angathe kukana kulowa m'basi yake. Tayala lakutha limaoneka ndi maso. Colakwa ca m'pulogramu cilibe fungo kapena phokoso. Cingathe kugona m'kati mwa galimoto caka cathunthu, galimotoyo ikuyenda bwinobwino, kufikira tsiku limene idzakumana ndi cinthu cimene olemba ake sanaciganizire. Tsiku limenelo ndiye colakwaco cimadzuka.

Zotere zinacitika mumzinda wa Tempe, m'cigawo ca Arizona ku America, usiku wa Lamlungu pa 18 March 2018. Mai wina wa zaka 49 anali kuoloka mseu wapansi, akukankha njinga imene anapacikapo timatumba ta katundu wake. Galimoto ya kampani ya Uber, imene inali kuyesedwa kudziyendetsa, inamgunda pa liwiro la makilomita 63 pa ola, ndipo anakamwalirira kucipatala. Iye ndiye woyenda pansi woyamba kudziwika kuti waphedwa ndi galimoto yodziyendetsa. Yense wa ife amene anakankhapo njinga yosenza thumba la cimanga kapena la makala dzuwa litalowa angadzione yekha mwa mai ameneyu.

Kabungwe ka boma la America kofufuza ngozi, kochedwa NTSB, kanatulutsa zimene kanapeza mu November 2019, ndipo n'zoziziritsa nkhongono. Makina anamuona maiyo kutatsala masekondi 5.6 kuti amgunde, galimoto ikali patali mamita oposa 100, utali wa bwalo la mpira. Nthawi yoima inalipo yokwanira. Koma kompyuta inasokonezeka. Poyamba inati imeneyo ndi galimoto, kenaka inati ndi cinthu cosadziwika, kenakanso inati ndi njinga, ndipo ikasintha maganizo inali kuiwala kumene cinthuco cinacokera, motero sinathe kuzindikira kumene cinali kulowera. Sinaganizepo n'kamodzi komwe kuti ndi munthu woyenda pansi, cifukwa olemba pulogramuyo sanaiuze kuti munthu angaoloke mseu pamalo opanda mizere yoolokerapo.

Mau amenewo muwamvetsetse bwino, awerengi athu. Kucokera pa mlatho wa Luangwa kukafika ku Chipata, ndi malo angati amene ali ndi mizere yoolokerapo? Ana a sukulu, amai opita kudimba, abusa a mbuzi, onsewa amaoloka pamene njira ya kumudzi yakumana ndi tala. M'maso mwa makina aja, onsewa sakanakhala anthu.

Kutatsala sekondi 1.2, kompyuta inazindikira kuti ngozi yafika. Koma inali italamulidwa kuyamba yadikira sekondi imodzi yathunthu isanagwire mabuleki, poopa kuti galimoto ingamaime mwadzidzidzi popanda cifukwa. Mabuleki ogwira okha amene kampani ya Volvo, yopanga galimotoyo, inaikamo, a Uber anali atawatseka. Ciyembekezo conse cinatsalira pa munthu mmodzi amene anaikidwa pampando wa dalaivala kuti aziyang'anira, ndipo maso ake anali pa foni. Poyamba oyang'anira anali kukhala awiri m'galimoto imodzi, koma kampani inali itacotsapo mmodzi.

Nanga mlandu unagwera ndani? Mu March 2019 oimira boma pa milandu ananena kuti kampaniyo ilibe mlandu waupandu. Woyang'anira uja ndiye anazengedwa, ndipo mu July 2023 anavomera mlandu woika moyo wa munthu pangozi, napatsidwa cilango ca zaka 3 zokhala panja moyang'aniridwa. Sitikunena kuti iye analibe colakwa, analakwa ndithu. Koma pa amene anavomereza pulogramu yosadziwa munthu wooloka, ndi amene analamula kutseka mabuleki, palibe ngakhale mmodzi amene anaima pamaso pa woweruza. Kwathu timati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Kumeneko zinatembenuka: zodya akulu zinapota wamng'ono.

Opanga magalimoto ena amati tisade nkhawa, makina akalephera munthu adzagwira ciongolero. Mau amenewa saganizira cibadwa ca munthu. Mlonda wa m'munda amene wakhala milungu itatu osaona nyani amayamba kuodzera pansanja, ndipo tsiku limene anyani adzabwera adzampeza ali m'tulo. Cimodzimodzi dalaivala amene waona makina akuyendetsa bwino tsiku ndi tsiku: maso ake amacoka pamseu, manja nacoka pa ciongolero. Makina akamacita bwino kwambiri, ndi pamenenso munthu amatayirira kwambiri. Tsono kuuza munthu wotere kuti adzidzimuke n'kupulumutsa moyo m'sekondi imodzi ndiko kumsenzetsa katundu amene sangamuthe.

Umboni wake unaoneka pa 7 May 2016 m'cigawo ca Florida ku America komweko. Bambo wina anali kuyenda m'galimoto ya Tesla atayatsa makina ochedwa Autopilot. Lole yaikulu yokoka ngolo yoyera inakhota kudutsa mseu patsogolo pake, ndipo galimotoyo inalowa kunsi kwa ngoloyo pa liwiro la makilomita 119 pa ola osagwirako mabuleki. Bamboyo anafera pomwepo. Kampani inafotokoza kuti makina sanasiyanitse kuyera kwa ngolo ndi kuwala kwa thambo. Ofufuza anapezanso kuti pa mphindi 37 zimene makina anali kuyendetsa, manja a bamboyo anakhala pa ciongolero masekondi 25 okha. Dzina lakuti Autopilot litanthauza woyendetsa yekha, pamene kabuku ka malangizo kamati dalaivala asaleke kugwira ciongolero. Dzina la zilembo zazikulu likuti pumula, kabuku ka zilembo zazing'ono kakuti khala maso, ndipo munthu amamvera dzina. Mu December 2023 Tesla inakakamizika kukonza pulogramu m'magalimoto oposa 2 miliyoni ku America, boma litapeza kuti njira zake zocenjezera dalaivala wotayirira zinali zosakwanira.

Palinso kusiyana kwina pakati pa colakwa ca munthu ndi ca makina. Dalaivala mmodzi akakhala ndi cizolowezi coipa, coipaco cimathera pa iye yekha. Koma magalimoto onse a kampani imodzi amaganiza ndi mutu umodzi. Pa 11 December 2023 mumzinda wa Phoenix, takisi ya kampani ya Waymo inagunda vani imene inali kukokedwa cobwerera m'mbuyo ndi galimoto yokoka zoonongeka. Patangopita mphindi zowerengeka, takisi ina ya kampani yomweyo inagundanso vani yomweyo, pa cifukwa cimodzimodzi: kompyuta inasokonezeka poona vani ikupenya kwina koma ikupita kwina. Mwamwai palibe anavulala, ndipo mu February 2024 kampaniyo inalengeza kuti yakonza pulogramu m'magalimoto ake 444. Phunziro lake n'lakuti colakwa cimodzi ca m'pulogramu cili ngati matenda olowa m'khola: nkhuku imodzi ikaodzera, dziwani kuti zonse zatenga.

Ndipo colakwa cobisika cimapatsa mwini wake mpata wocibisa. Pa 2 October 2023 mumzinda wa San Francisco, mai wina anagundidwa ndi galimoto yoyendetsedwa ndi munthu, naponyedwa kutsogolo kwa takisi yopanda dalaivala ya kampani ya Cruise. Takisiyo inampondanso niima. Mpaka pamenepo sitingaidzudzule kwambiri. Koma posadziwa kuti munthu ali kunsi kwake, inanyamukanso kuti ikaime m'mbali mwa mseu, nimkwekweza maiyo mamita 6. Dalaivala aliyense akanamva kulira, akanatsika n'kusuzumira pansi. Maiyo anapulumuka koma anavulala koopsa. Pa 24 October boma la cigawo ca California linalanda cilolezo ca kampaniyo, ponena kuti sinaulule zonse za ngoziyo. Mu November 2024 Cruise inavomera kuti inapereka lipoti labodza ku boma nilipira faindi ya madola 500,000, ndipo mwezi wotsatira kampani ya General Motors, mwini wake wa Cruise, inaleka nchito ya matakisiwo.

Ife a mu Africa tinalawa kale kuwawa kwa pulogramu yobisidwa, ngakhale kuti zinacitikira mumlengalenga. Pa 10 March 2019 ndege ya Ethiopian Airlines yocoka ku Addis Ababa kupita ku Nairobi inagwa itangonyamuka, anthu 157 natha onse. Miyezi yosakwana isanu m'mbuyo mwake, ndege ya mtundu womwewo, Boeing 737 MAX, inali itagwa ku Indonesia nipha anthu 189. Pa ngozi zonse ziwiri, pulogramu imene inadalira kacipangizo kamodzi kolakwitsa muyeso inali kuweramitsa mphuno ya ndege pansi, oyendetsa akulimbana nayo kuti aikweze. Pamene ndegezi zinayamba kugulitsidwa, oyendetsa sanauzidwe za pulogramuyo. Ngati zotere zinacitika pa ndege, zimene zimayesedwa mosamala koposa cina ciliconse coyenda, nanga pa galimoto ya pamseu?

Tisakhale okondera. Anthu oyendetsa nao amapha, ndipo amapha ambiri. WHO inati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamseu caka ciliconse padziko lonse, ndipo poyerekeza ndi ciwerengero ca anthu, Africa ndiye ali patsogolo pa imfa zimenezi. Sitinaiwale maliro a ku Chibombo pa 7 February 2013, pamene basi ndi lole zinaombana anthu oposa 50 namwalira. Amene amayenda mseu wa Great East adziwa mitima mmene imakhalira m'mwamba potsika mapiri a Manenekela. Kampani ya Waymo yafalitsa ziwerengero zosonyeza kuti matakisi ake amacita ngozi zovulaza anthu zocepa poyerekeza ndi madalaivala a m'mizinda yomweyo, ndipo ngati makina angapulumutse ngakhale mwana mmodzi, ndani angakane? Mabuleki ogwira okha apulumutsa kale anthu m'maiko ambiri. Sitikulimbana ndi citukuko ai. Cimene tikukana ndi kutenga umboni wa pa mseu wina n'kuuyesa umboni wa pa mseu wathu.

Matakisi amenewo amayenda m'mizinda imene miseu yake inayamba yajambulidwa mwatsatanetsatane, khwalala ndi khwalala, ndipo kumbuyo kwake kuli anthu okhala m'maofesi amene amathandiza galimoto ikazingwa. Makina amadziwa zokhazo zimene anaphunzitsidwa. Mu 2017 a Volvo anaulula kuti makina ao ozindikira nyama zikuluzikulu, amene anaphunzira pa nyama za kwao ku Sweden, anasokonezeka atafika ku Australia n'kukumana ndi kangaroo, nyama yoyenda modumpha. Ikakhala m'mwamba makina anali kuiyesa ili patali, ikatera pansi anali kuiyesa ili pafupi. Ngati kudumpha kwa nyama imodzi kunazunguza akatswiri a ku Sweden, taganizani zimene makina otere adzakumana nazo pakati pa Petauke ndi Sinda.

Adzakumana ndi ngolo ya ng'ombe yopanda nyali usiku. Adzakumana ndi njinga yosenza matumba atatu a makala, wokwerapo wake osaoneka n'komwe kumbuyo. Adzakumana ndi nthambi za mitengo zoikidwa pamseu, zimene dalaivala aliyense wa kuno adziwa kuti zitanthauza lole yafa kutsogolo kapena pali maliro, pamene kompyuta idzaziyesa zinyalala. Adzapeza mizere ya pamseu itafufutika, zikwangwani zitazulidwa, dzenje litadzala madzi a mvula osadziwika kuya kwake, ndi utsi wa lupsa utaphimba njira m'cilimwe. Dalaivala wa kuno akaona mwana mmodzi waoloka mothamanga amacepetsa liwiro, podziwa kuti mng'ono wake ali m'mbuyo. Akaona nkhuku yathawira kumseu amayembekezera mwana woithamangitsa. Nzeru imeneyi sanaiphunzire m'buku, anakula nayo m'mudzi. Kodi makina ophunzira ku California anaionapo kuti?

Palinso nkhani ya kukonza. Makanika wa pa msika wa Kapata ku Chipata angamasule injini yonse n'kuimanganso, ndipo akamva kulira kwake amadziwa pamene pali vuto. Koma pulogramu sangaitsegule, cifukwa makampani amaisunga ngati cinsinsi ca malonda. Kamera yoyang'ana kutsogolo ikasuntha pang'ono posintha galasi, kapena ikamatidwa ndi fumbi la mseu wa Chadiza, galimoto idzaona zolakwika mwini wake osadziwa. Macenjezo ena amatuluka m'Cijapani, cinenero cimene wogula sangawerenge. Magalimoto ena amakono amalandira pulogramu yatsopano kudzera pa intaneti ali ciimire pakhomo, kotero kuti galimoto imene mwaisiya madzulo ingadzuke ndi khalidwe lina m'mawa. Ndipo khomo lolowera mwini limalowanso mbala. Mu 2015 akatswiri awiri a ku America anaonetsa poyera kuti angathe kulowa m'kompyuta ya galimoto ya Jeep ali kutali makilomita 16, naifooketsa ili pa liwiro pamseu waukulu. Kampani yopanga galimotoyo inaitanitsa magalimoto 1.4 miliyoni kuti akonzedwe.

Funso lalikulu likhalabe lija la pamutu pa nkhani ino. Dalaivala akagunda munthu lero, apolisi amadziwa womgwira, akhoti amadziwa womfunsa, ndipo abale a malemu amadziwa khomo lokagogoda. Nanga galimoto ikakhala kuti inali kudziyendetsa? Wokhala pa ciongolero adzati ndi makina. Wogulitsa wa ku Lusaka adzati iye anangoitanitsa. Wopanga ali kutsidya kwa nyanja, ndipo umboni wonse wa zimene kompyuta inaona uli m'manja mwake. Mu August 2025 bwalo la milandu la ku Miami linagamula kuti Tesla ilipire madola oposa 240 miliyoni pa ngozi ya mu 2019 imene inapha mtsikana woima m'mbali mwa mseu, ndipo kampaniyo inati idzacita apilo. Zinatenga zaka 6 ndi maloya amphamvu kuti banjalo limvedwe. Kodi mai wamasiye wa ku Lundazi angazenge mlandu wotere ndi ciani?

Maiko ena ayamba kale kutseka mpata umenewu. Mu 2024 dziko la Britain linakhazikitsa lamulo lakuti galimoto yovomerezedwa ikakhala kuti ikudziyendetsa, mlandu wa kayendedwe kake ugwere kampani imene inalandira cilolezo, osati munthu wokhalamo. Ife sitiyenera kudikira maliro oyamba kuti tiganize zotere. Khola amamanga fisi asanabwere.

Motero tikupempha Boma, aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo ndi kabungwe koona za pamseu ka RTSA kuti aganizire mfundo izi nthawi ikalipo. Galimoto iliyonse yofuna kudziyendetsa m'Zambia iyambe yayesedwa pa miseu ya m'Zambia, usana ndi usiku, m'dzinja ndi m'cilimwe, ndipo oyesa akhale anthu athu osalipidwa ndi wogulitsa. Kampani yofuna cilolezo ikhale ndi ofesi ndi cuma m'dziko muno, kuti wolakwiridwa apeze womsumira. Zonse zimene kompyuta inaona ndi kucita ngozi isanacitike ziperekedwe kwa apolisi ndi kukhoti mosabisa kanthu, ndipo wobisa alandidwe cilolezo. Wogulitsa galimoto yokhala ndi makina othandiza dalaivala akakamizidwe kufotokozera wogula, m'cinenero cimene amamva, zimene makinawo angathe ndi zimene sangathe. Masukulu athu a zaumisiri nao ayambe kuphunzitsa acinyamata kuyesa ndi kukonza zipangizozi, kuti tisadzakhale ogula cabe zinthu zimene sitingazifunse.

Kwa inu madalaivala amene mwagula kale magalimoto okhala ndi mabuleki ogwira okha, kapena ciongolero codzibweza cokha galimoto ikacoka mumzere, tikuti makinawo ndi wothandiza wanu, koma woyendetsa ndinu. Manja asacoke pa ciongolero, maso asacoke pamseu, foni ikhale m'thumba. Pukutani makamera ndi magalasi musananyamuke. Kanyali kacilendo kakayaka, funsani odziwa, pakuti safunsa anadya phula. Musayese makinawo pa moyo wa mwana wa mnzanu pofuna kuonetsa anzanu kuti galimoto yanu imaima yokha.

Kwa inu oyenda pansi ndi okwera njinga, amene ndinu ambiri mwa owerenga tsamba lino, musakhulupirire kuti galimoto yakuonani cifukwa cakuti ndi yatsopano ndi yonyezimira. Mai wa ku Tempe uja makina anamuona ali patali, koma sanamzindikire. Ikani zonyezimira kumbuyo kwa njinga ndi kwa ngolo, valani zoyera usiku, yendani kumbali yopenyana ndi magalimoto obwera, ndipo phunzitsani ana kuima n'kupenya uku ndi uku asanaoloke. Mafumu, anyakwawa ndi aphunzitsi akumbutse anthu zimenezi pamisonkhano.

Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo kameneka tikafuna, pakuti miseu yathu yatimalizira anthu. Koma mlendo sapatsidwa mwana kuti ambereke tsiku lomwe wafika. Amayamba wakhala pakhonde, eni mudzi namfunsa kumene wacokera ndi amene adzamuyankhira akalakwa. Makinawa nao tiwalandire motero. Caona mnzako capita, mawa ciona iwe: zimene zinaoneka ku Tempe, ku Florida ndi ku San Francisco zinalipiridwa ndi magazi a anthu ena, ndipo kudzakhala kupusa kwathu ngati tidzalipiranso phunziro lomwelo ndi magazi a ana athu pa mseu wa Great East.